Funsani za Umoyo: Mkonono wa abambo akunyumba ndi manambala a ku labu

FUNSO: Zikomo a zaumoyo. Ine ndi mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Salima kufupi ndi Kamuzu Road. Nkhani yanga ndi ya abambo akunyumba, ali ndi zaka 49, amapikula mpunga ku Lifuwu nkumakagulitsa ku Lilongwe. Mkonono anayamba kalekale moti tinazolowera, koma pano wasintha, amaliza mkonono mwamphamvu kenako zii, chifuwa chikungogwedezeka koma mpweya osatuluka, ine ndimawerenga chamumtima mpaka 20 pena 30 kenako amadzidzimuka ali wefuwefu nkugonanso. Usiku amadzuka kangapo kukataya madzi, mmawa mutu ukuwawa kukamwa kuli gwa, masana akangokhala pampando tulo basi olo kutchalitchi olo pamaliro. Mankhwala a BP akumwa mitundu itatu, HCTZ, amlodipine ndi enalapril, koma BP siikutsika pa 150. Mwana wathu wamkulu anawatengera ku labu yolipira mtauni ndipo papepala analemba chonchi: shuga asanadye 6.5, HbA1c 5.3, triglycerides 2.6, HDL 0.8, uric acid 480, CRP 16, hemoglobin 11.2. Masabata awiri asanakayezetse anadwala malungo koma LA anamaliza. Adokotala anangoti mwina ndi sleep apnea, pamzere panali anthu ambiri nde sitinafunse bwino. Apongozi anga akuti mkonono ndi wakumtundu ndisamavutike. Kodi manambalawa ndi amene akuonetsa matendawo? Nanga poti akuti HbA1c ili bwino ndiye kuti shuga alibe eti?

Mayi wodandaula, Salima

YANKHO: Mayi, zikomo kwambiri chifukwa chakuwerenga kumene mumachita usikuko. Zimene mwaonazo, kuti mkonono umadukiza, chifuwa chikulimbana mpweya osadutsa kenako kudzidzimuka, ndi umboni wamphamvu kuposa pepala la ku labu lija. Palibe kuyeza magazi kumene kungatiuze kuti uyu ali ndi sleep apnea, vuto loti kupuma kumadukiza munthu ali mtulo, uyu alibe. Magazi amationetsa zimene zayamba kuonongeka mthupi komanso matenda ena amene amakonda kuyendera limodzi ndi vutoli. Nde pepalalo lisungeni bwino mkati mwa buku lawo lakuchipatala, ndilofunika, kungoti likuyankha funso lina.

Chimene chimachitika nchakuti munthu akagona minofu yakummero imalefuka, lilime limabwerera mmbuyo makamaka akagona chagada, ndipo kwa amene khosi lawo lili ndi mafuta ambiri njira ya mpweya imaphwatalala nkumatana ngati chubu cha njinga chophwa. Madokotala amawerenga kamodzi ngati kupuma kwaima kapena kwachepa kwambiri kwa masekondi 10 kupita mtsogolo. Zikamachitika ka 5 mpaka 14 pa ola vutolo ndi laling'ono, 15 mpaka 29 ndi lapakati, 30 kapena kuposa ndi lalikulu. Ka 30 pa ola ndiye kuti mphindi ziwiri zilizonse, usiku wonse. Nthawi iliyonseyo okosijeni mmagazi amatsika, kwa munthu wabwinobwino amakhala 95 pa 100 kapena kuposa koma apa amagwa pansi pa 90 pena mpaka mma 80, ubongo ukaona choncho umalamula thupi kutulutsa homoni ya adrenaline kuti munthu adzuke apume, mtima nkuthamanga, mitsempha yamagazi nkufinyika, BP nkukwera. Mwiniwakeyo mmawa sakumbuka kalikonse, amangodabwa kuti bwanji ndadzuka wotopa chikhalirecho ndagona maola asanu ndi atatu.

Paja usiku BP imayenera kutsika ndi 10 mpaka 20 pa 100 kuti mtima upumuleko. Mwa anthu ambiri a vutoli siitsika, ndipo pakapita zaka imakhazikika pamwamba olo masana. Kafukufuku wa ku Wisconsin ku America amene anatuluka mu 2000 anatsatira anthu kwa zaka zinayi, anapeza kuti amene kupuma kwawo kumadukiza ka 15 kapena kuposa pa ola anali ndi chiopsezo cha BP pafupifupi katatu kuposa amene analibe vutoli. Kuno kwathu kafukufuku wa STEPS wa 2009 anaonetsa kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse ali ndi BP yokwera, koma za tulo tawo timawafunsa anthu angati? Kwa ine munthu akamamwa mitundu itatu ya mankhwala mokhulupirika BP osatsika, funso lakuti amagona bwanji liyenera kubwera tisanaonjezere mtundu wachinayi.

Kukodza kwa usikuko nakonso nkogwirizana. Munthu akamakoka mpweya mwamphamvu kummero kuli kotseka, mtima umakokedwa nkutamuka, nde umaona ngati mthupi madzi achuluka nkutulutsa homoni youza impso kuti zitaye madzi ndi mchere. Abambo ambiri amathamangira kuganiza za prostate, kachiwalo ka abambo kapansi pa chikhodzodzo, kapena shuga, zimenenso nzoyenera kuyeza pa msinkhu umenewu, koma pena gwero lili pakhosi.

Tsopano tibwere pa pepala lija, ndipo ndiyambe ndi limene lakupatsani chiyembekezo. HbA1c imayeza shuga amene wamatirira ku maselo ofiira amagazi. Maselowa amakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120, nchifukwa chake nambalayi imatiuza mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo osati tsiku lokhalo. Ikafika 6.5 timati ndi matenda a shuga, 5.7 mpaka 6.4 ndi chenjezo. Nde 5.3 imaoneka yabwino, zoona. Koma taonani hemoglobin, nambala yoonetsa ngati magazi ali okwanira, 11.2, pamene mwamuna amayenera kukhala ndi 13 kupita mmwamba. Malungo amaswa maselo ofiira, thupi nkupanga atsopano amene sanakhale nthawi yokwanira yoti shuga awamatirire, nde HbA1c imatuluka yotsika kuposa mmene zinthu zilili. Kwinaku munthu amene magazi ake achepa chifukwa chosowa ayironi, monga zimachitikira ndi likodzo lokhalitsa kapena njoka zammimba, nambala yomweyi imatha kutuluka yokwera monama. Ife a mmbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka, Senga Bay mpaka ku Chia ndi Dwangwa, malungo ndi likodzo nzapakhomo, nde HbA1c tisamaiwerenge payokha osayang'ana hemoglobin ndi kufunsa ngati munthu wadwala posachedwa.

Nambala imene ndikuikhulupirira kwambiri apa ndi 6.5 ya shuga asanadye. Matenda a shuga amayambira pa 7.0 ikapezeka kawiri, koma 6.1 mpaka 6.9 ndiye kuti thupi layamba kuvutika kumva insulin, homoni imene imatsitsa shuga mmagazi. Makina ena amalemba manambala akuluakulu, musadabwe, mumangogawa ndi 18, moti 7.0 ndi 126 ndipo 6.5 ya abamboyo ndi 117. Kudzidzimuka kwa usiku kuja kumathandizira izi chifukwa adrenaline ndi homoni ina ya cortisol zimauza chiwindi kutulutsa shuga, komanso munthu wosagona bwino masana amafuna zotsekemera ndi zokhutitsa msanga. Choncho yankho la funso lanu lachiwiri ndi lakuti sitinganene kuti shuga alibe. Abwerezenso kuyeza mmawa asanadye kanthu, atasala maola 8, pakangopita masabata ochepa, izi nzosavuta ku kiliniki ya BP ndi shuga ku chipatala cha boma. HbA1c adikire miyezi itatu kuchokera pamene anachira malungo.

Triglycerides ndi mafuta oyenda mmagazi, amayenera kukhala pansi pa 1.7, awa ali pa 2.6. HDL ndi kolesitolo amene amathandiza kuchotsa mafuta mmitsempha, kwa mwamuna asatsike pa 1.0 ndipo kwa mkazi 1.3, awa ali pa 0.8. Ziwirizi zikabwera chonchi, ina pamwamba ina pansi, nthawi zambiri munthuyo amakhala ndi mafuta apamimba. Madokotala ali ndi zizindikiro zisanu zimene amaziika pamodzi, mimba yoposa masentimita 94 kwa mwamuna kapena 80 kwa mkazi, triglycerides wokwera, HDL wotsika, BP kuyambira 130/85 ndi shuga kuyambira 5.6, ndipo zitatu zokha zikapezeka chiopsezo cha sitiroko, matenda amtima ndi shuga chimakhala chakwera. Abambo akunyumba ali kale ndi zinayi tisanatenge tepi. Malungo nawonso amatha kukweza triglycerides nkutsitsa HDL kwakanthawi, nde izi abwerezenso limodzi ndi HbA1c ija, ndipo ulendo umenewo mufunsenso za LDL, kolesitolo amene amatseka mitsempha, chifukwa ndi amene adokotala amayang'ana kwambiri poganiza zopereka mankhwala otsitsa kolesitolo.

CRP ya 16 isakusowetseni tulo. Nambalayi imakwera mthupi mukakhala kutupa kulikonse, ndipo poyeza chiopsezo cha mtima timayang'ana timanambala ting'onoting'ono, pansi pa 1, pakati pa 1 ndi 3, ndi kuposa 3. Ikadutsa 10 ndiye kuti ikunena za matenda ena monga malungo aja, dzino lotupa kapena chilonda. Nzoona kuti anthu a sleep apnea CRP yawo imakhala yokwererako, koma 16 patangopita masabata awiri munthu atadwala malungo siitiphunzitsa kanthu za mtima. Ndalama zake ine ndingakonde zipite ku creatinine ndi potassium, zoyeza mmagazi zoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, ndi kuyeza mkodzo ngati muli mapuloteni, chifukwa munthu wa BP ya zaka zambiri amene akumwa enalapril ndi HCTZ impso zake zimafunika kuziyang'anira, ndipo papepala lanu izi palibe.

Uric acid, amene akachuluka mmagazi amatupitsa molumikizira mafupa, kwa mwamuna timafuna asapitirire 420. Maselo akamasowa okosijeni usiku amapanga uric acid wambiri, komanso HCTZ amamukweza, mowa ndi nyama ya zamkati chimodzimodzi. Ngati chala chachikulu chakuphazi chinatupapo usiku nkumawawa koopsa, auzeni adokotala. Mankhwalawo asasiye okha.

Kuti vuto la tuloli litsimikizike pamafunika kuyeza munthu ali mtulo usiku wonse, makina akuwerenga kupuma ndi okosijeni. Makina otere si opezeka paliponse, nde pemphani ku kiliniki kuti akulozereni kapena akulembereni kalata yopita ku chipatala chachikulu. Koma musapite chimanjamanja. Usiku wina tengani foni mujambule vidiyo kapena mawu okha kwa mphindi 10 pamene mkonono ukudukiza, chifuwa chizioneka. Mubwereke tepi kwa atelala muyeze khosi ndi mimba pamchombo. Pali mafunso asanu ndi atatu otchedwa STOP-Bang amene anakonzedwa ku Toronto mu 2008, amafunsa za mkonono waukulu, kutopa masana, ngati wina anaonapo kupuma kukuima, BP, kunenepa kwambiri, zaka zoposa 50, khosi la masentimita 40 kapena kuposa, ndi kukhala mwamuna. Atatu okha akakhala inde pamafunika kufufuza, asanu ndiye chiopsezo chachikulu, ndipo kalata yanuyi yandipatsa kale asanu.

Za apongozi, mbali ina akunena zoona, vutoli limayendadi kumtundu chifukwa kapangidwe ka chibwano, lilime ndi khosi timatengera makolo. Koma BP ndi shuga nazonso nzakumtundu ndipo timachiza. Muwaonetse kavidiyoko mwaulemu, mwina ndi iwo amene angamulimbikitse mwana wawo kupita kuchipatala.

Chithandizo chimene chimatsegula mmero usiku ndi makina a CPAP, amene amapopera mpweya pang'onopang'ono kudzera pa chophimba mphuno. Anayambitsa ndi dokotala Colin Sullivan ku Sydney mu 1981. Amayi amene anagonapo ku nazale ndi mwana wobadwa masiku asanakwane mwina anaonapo makina a Pumani amene anayamba kugwiritsidwa ntchito ku Queens ku Blantyre, nzeru yake ndi yofanana ngakhale a akuluakulu ndi ena. Amachotsadi tulo tamasana ndipo munthu amadzuka wamphamvu, koma ndikufuna mudziwe malire ake musanagulitse mbuzi. Mu 2016 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wotchedwa SAVE, wa anthu 2,717 amene anali kale ndi matenda amtima kapena sitiroko. Amene anapatsidwa CPAP mkonono ndi kusinza zinachepa, moyo nkumakoma, koma sitiroko ndi matenda amtima sizinachepe poyerekeza ndi anzawo, ndipo chifukwa chimodzi nchakuti ankangovala maola 3.3 pa usiku mongoyerekeza onse. BP imatsikako pang'ono chabe, ndi 2 kapena 3 mwa ambiri. Nde olo makinawo atapezeka, ndipo amafuna magetsi usiku wonse kapena sola ya batire yabwino, manambala a papepala aja ayenera kuchizidwa paokha, mapiritsi a BP osadumphitsa.

Chimene chimagwira mbali zonse nthawi imodzi, mmero, shuga, mafuta ndi BP, ndi kutsitsa thupi. Ku Wisconsin komwe kuja anapeza kuti munthu akatsika ndi 10 pa 100 ya kulemera kwake kudukiza kwa kupuma kumachepa ndi 26 pa 100, akakwera ndi 10 kumaonjezeka ndi 32. Munthu wa makilo 100 ndiye kuti achotse 10, pa miyezi ingapo osati sabata imodzi. Ndikudziwa kuti pakhomo pa wogulitsa mpunga mpunga susowa, komanso paulendo wa ku Lilongwe chakudya chapafupi ndi chipisi, mandasi ndi zoziziritsa kukhosi. Yambirani pomwepo. Tiyi wa masipuni atatu abwere pa imodzi kenako osathira, nsima yamadzulo mitanda iwiri osati inayi ndipo bola ya mgaiwa, ndiwo zamasamba zichuluke, bonongwe, nkhwani, chisoso, therere, nyemba. Nsomba tili nazo, chambo, utaka, usipa, koma zikhale zootcha kapena zophika mmalo mozimiza mmafuta tsiku ndi tsiku, ndipo zouma zothira mchere muzizitsuka kaye. Aziyenda wapansi mphindi 30 mmawa dzuwa la Salima lisanakwiye.

Usiku uno womwe mukhoza kuyamba izi. Asagone chagada, sokererani kathumba kumsana kwa tisheti yakale muikemo chitsononkho kuti akafuna kutembenukira kumsana azibwerera chammbali. Kumutu kwa bedi ikani njerwa kukwereko. Mowa madzulo ayi, ndipo mapiritsi ogonetsa monga diazepam kapena piriton asamwe pofuna tulo chifukwa amalefula minofu yakummero kwambiri. Akadzafuna kupangidwa opareshoni iliyonse muwauze madokotala ogonetsa za mkononowu. Ndipo mukadzaona kamwa lapotoka, mkono wafooka, mawu akutuluka mophotchoka, chifuwa chikuwawa mofinya kapena mtima ukugunda modumphadumpha, musadikire kuche, thamangani nawo ku Salima District Hospital.

FUNSO: Ine ndi dilaiva wa minibasi, ndimayenda Nkhotakota, Salima pa M5, ndili ndi zaka 36. Chiyambireni ma ARV atsopano aja thupi labwera kwambiri ndipo akazi anga akuti ndayamba mkonono woopsa. Masana ndikadutsa pa Benga maso amalemera mpaka kondakitala amachita kundiyankhulitsa. Ndinakayezetsa shuga anati ali bwino, magazinso okwanira. Ndiye kuti ndilibe vuto eti, kapena ndi kaodzera?

Dilaiva, Nkhotakota

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kutchula kaodzera chifukwa kwanuko alikodi, ntchentche za kashembe zimapezeka mnkhalango ya Nkhotakota ndi midzi yozungulira. Kaodzera wa kuno kwathu ndi wachangu, amabwera ndi kutentha thupi, mutu, kuphwanya mthupi, pena chilonda pamene kashembe analuma, munthu nkufooka pa masabata kapena miyezi yochepa. Iyeyu ndiye amaoneka mmagazi pa maikulosikopu ndipo mankhwala ake alipo, nde ngati mwakhala mukumva kutentha thupi malungo osapezeka, makamaka ngati munadutsa kufupi ndi nkhalango, pitani ku Nkhotakota District Hospital mukanene mosabisa kuti akuyezeni kaodzera. Koma zimene mwafotokozazi, thupi kubwera, mkonono nkutsatira, kenako kusinza masana popanda kudwala kwina, zikulozera kwambiri ku vuto lomwe ndafotokozera mayi a ku Salima pamwambapa. Shuga wabwino ndi magazi okwanira ndi nkhani yosangalatsa koma sizikuchotsa vutoli, anthu ambiri a sleep apnea magazi awo amaoneka bwinobwino kwa zaka zingapo zoyambirira.

Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene dziko lathu linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, nzoona kuti ena amanenepa nawo. Chonde musasiye olo tsiku limodzi, ndi mankhwala amphamvu amene akusunga moyo wanu. Mukapita kukatenga ena auzeni a ku kiliniki makilo amene mwaonjezera, akuyezeni BP ulendo uliwonse, shuga kamodzi pachaka, ndipo mpata ukapezeka mafuta ammagazi, chifukwa munthu amene ali ndi kachilombo chiopsezo chake cha matenda amtima chimakhala chokwererako kale.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chiongolerocho. Madilaiva amene ali ndi vutoli osathandizidwa amachita ngozi kuposa kawiri poyerekeza ndi anzawo, ndipo inu kumbuyo kwanu kumakhala anthu odzaza galimoto. Kuyankhulitsidwa ndi kondakitala, kukweza wailesi kapena kutsegula windo sikuletsa tulo ta masekondi atatu, ndipo pa liwiro la 80 masekondi atatuwo galimoto imakhala yayenda mamita oposa 60 popanda woiongolera. Ndikudziwa kuti tageti ya abwana siidikira munthu, koma maso akayamba kulemera imani pamalo abwino mugone mphindi 15 kapena 20, ulendo wamasana mukangodya nsima muzimpatsa mnzanu ngati nkotheka, ndipo sabata ino pezani tsiku mupite kuchipatala ndi akazi anu, iwo ndi amene akafotokoze zimene amamva usiku. Muwapemphe ajambuliretu pa foni.